Chamba cha kuseri kwa nyumba: mawu a pa msonkhano wa Loweruka

Achinyamata anzanga, yanga ndi yaifupi. Ena akumati, "Paja chamba anachiloleza, bwanji osadzala mitengo iwiri kuseri kwa bafa?" Ayi ndithu, si choncho. Lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo wolima ayenera kukhala ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority. Popanda pepalalo, olo mtengo umodzi mu chitini, ndi mlandu.

Za ku Joni mumamvazo n'zoona: mu 2018 khoti linalola akuluakulu kudzala chawo pakhomo. Koma ilo ndi lamulo la eni ake, silidutsa pa Mwanza. Kuno ukagwidwa sukulu imaima, ndipo mbiri ya kukhoti imakutsata pofuna ntchito.

Amene mumakonda zodzaladzala, dimba la kalabu likusowa anthu. Tomato ndi mpiru sizimangitsa.