Mamita 100 Ozungulira Malo Oponyera Voti



Mwandipempha kuti ndinenepo za malamulo a chisankho, ndipo ine ndasankhapo limodzi lokha. Lamuloli likuti pa tsiku loponya voti pasaoneke chilichonse chokopa anthu m'malo oponyera voti, ngakhalenso pa mtunda wa mamita 100 kuzungulira malowo. Kampeni imene imakhala itatha maola 48 kuponya voti kusanayambe. Mamita 100 ndi pafupifupi kutalika kwa bwalo lija tinkasewerapo mpira.

Pa chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 ndidali woyang'anira malo oponyera voti pa sukulu ina ya pulayimale kwathu ku mapiri a ku Ntchisi. Anthu atandanda pa mzere m'chisanu, ndidaona amalume anga, amene adandilipirira fizi mpaka folomu 4, atakhala patsinde pa mango pafupi ndi mzerewo, atavala malaya a chipani. Sankakopa munthu, ankangopereka moni. Koma aliyense poyankha ankawerama, pakuti iwo ndi nduna ya amfumu, ndipo milandu ya minda imadzera kwa iwo.

Ndidapita nkukanyonyomala pambali pawo. "Malume, pepani, malayawa pano saloledwa. Tiyeni ndikuperekezeni kuseri kwa bwalo la mpira."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, fizi ija ndinkalipira kuti udzandipirikitse pagulu?"

Komabe adanyamuka. Padatha miyezi itatu osandilankhula.

Anzanga, lamuloli silitchinjiriza ife a malipiro a pamwezi ayi. Limatchinjiriza mayi wamasiye amene mlandu wa malire a munda wake uli kwa amfumu. Akuluakulu mukukumbukira kuti pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu adakana mabokosi awiri nafuna limodzi, poopa kuti woponya angaoneke kumene walowera. Chinsinsi chomwecho ndi chimene mamita 100 amasunga: munthu afike pa bokosi popanda diso lomuopsa.

Ambiri mwa inu ndinu aphunzitsi ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo ntchito ya chisankho imagwera inu. Wophwanya lamuloli sadzakhala mlendo, adzakhala mbale wanu. Muuzeni mwaulemu, koma muuzeni ndithu.

Amalume aja tidayanjana nthawi yobzala, ngakhale mpaka lero amanditchula kuti "a Boma".