Peperomia Akatulutsa Maluwa: Zoyenera Kudziwa Mlimi wa Maluwa a M'nyumba

Alimi anzanga, phunziro lathu la lero likukhudza inu amene mwayamba kudzala maluwa a m'miphika kuti muzigulitsa kwa anthu okongoletsa nyumba ndi maofesi. Tikambirana za chomera chotchedwa peperomia, makamaka zimene muyenera kuchita chikayamba kutulutsa maluwa.

Peperomia ndi wa banja limodzi ndi tsabola wakuda wothira m'ndiwo uja, ndipo dzina lakelo limatanthauza "wofanana ndi tsabola". Mitundu yake ndi yoposa 1,000, ndipo yambiri kwawo ndi ku Central America ndi South America. Imene imagulitsidwa kwambiri ndi Peperomia caperata wa masamba a makwinya wochokera ku Brazil, Peperomia argyreia amene masamba ake ali ndi mizere ngati chivwende, ndi Peperomia obtusifolia wa masamba okhuthala osalala. Kuthengo, mitundu yambiri imamera pa makungwa a mitengo ndi pa zipika zowola, pansi pa mthunzi wa nkhalango. Mukagwira mfundo imeneyi, kasamalidwe kake konse simuvutika nako.

Musayembekezere duwa looneka ngati rozi. Peperomia amatulutsa timapesi tating'ono towongoka, tobiriwira kapena toyererako, tooneka ngati mchira wa khoswe. Pa kaphesi kalikonse pamakhala timaluwa tambirimbiri tosaoneka bwino ndi maso, topanda masamba okongola a duwa. Mukaona zimenezi musaganize kuti ndi matenda kapena udzu wongomera, ndipo musathire mankhwala. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti chomera chakhwima ndipo chikulandira kuwala kokwanira. Wogula akafunsa, mufotokozereni zimenezi. Asakutsitseni mtengo poganiza kuti mbewu yanu ikudwala.

Kuti chomera chikule bwino mpaka kutulutsa maluwa, samalani zinthu zinayi.

Choyamba ndi kuwala. Ikani mphika pafupi ndi zenera kapena pakhonde pamene pali powala koma dzuwa la masana silifika. Dzuwa la Okutobala limawaula masamba. Mumdima namonso tsinde limangotalika monyozoloka, masamba amatalikirana ndipo maluwa satuluka.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene mbewu zambiri zimafera. Peperomia ali ndi mizu yochepa ndipo amasunga madzi m'masamba ndi m'tsinde. Musanathirire, lowetsani chala m'dothi masentimita 2 kapena 3. Ngati muli chinyezi, dikirani. Masamba akayamba chikasu, kufewa ndi kuthothoka pamene dothi lili lonyowa, dziwani kuti mizu ikuwola. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsaninso madzi.

Chachitatu ndi dothi ndi mphika. Sakanizani kompositi wowola bwino ndi mchenga wa kumtsinje, muwonjezere timakala tophwanya kapena mankhusu a mpunga kuti madzi azidutsa msanga. Mphika ukhale woboola pansi ndipo usakule kwambiri, chifukwa dothi lambiri limasunga madzi amene mizu singathe kumwa. Feteleza wambiri amawotcha mizu. Wochepa kwambiri, wosungunula m'madzi, kamodzi pa mwezi m'nyengo yotentha ndi wokwanira.

Chachinayi ndi kutentha. Chomerachi chimakonda madigiri 18 mpaka 24. Inu a kumalo ozizira ngati ku Dedza, muzilowetsa miphika m'nyumba usiku nthawi ya chisanu.

Nanga timapesi tija tidule kapena tisiye? Zonse ziwiri n'zotheka. Ngati mukufuna masamba ambiri, chifukwa ndiwo amakopa wogula, dulani kaphesi m'munsi ndi lezala yoyera kuti chakudya chipite ku masamba. Mukasiya, chomera sichifa; kaphesi kakauma mukachotse. Musakoke ndi dzanja chifukwa tsinde lake silichedwa kuthyoka.

Musadikire njere kuti muchulukitse mbewu. Dulani tsamba lathanzi pamodzi ndi kaphesi kake, kapena nsonga ya tsinde yokhala ndi masamba awiri kapena atatu. Lisiyeni kwa maola angapo kuti bala liume, kenaka bzalani m'dothi lachinyezi pamthunzi. Pakatha masabata 4 mpaka 8 mizu imakhala itagwira. Mitundu ya masamba a mawanga oyera muzidula tsinde, chifukwa yochokera ku tsamba lokha nthawi zambiri imabwerera ku mtundu wobiriwira. Muziyang'ananso kuseri kwa masamba ndi m'mphanda ngati muli tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa. Tipukuteni ndi kansalu koviika m'madzi a sopo, ndipo mphikawo muupatule.

Mwa chizolowezi cha sukulu yathu, tiyese tokha. Gulu lililonse litenge miphika itatu ya mtundu umodzi ndi msinkhu wofanana. Wina muuike pafupi ndi zenera, wina pakona ya mdima, wina pakhonde la mthunzi. Dothi ndi kathiriridwe zikhale zofanana. Sabata iliyonse lembani m'kope chiwerengero cha masamba atsopano, mtundu wake, ndi tsiku limene kaphesi koyamba katuluka. Pakatha miyezi itatu gulu lililonse lidzafotokoza zimene laona.