Wogulitsa Mmodzi Ndi Msampha: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka

 Mwandipempha kuti ndinenepo za kagulidwe ka katundu wa mu ofesi, ndipo chitsanzo changa ndi madisiki a kompyuta.

Kale disiki wamba, ija ya floppy, inkasunga 1.44 MB basi. Mu 1995 kampani ya Iomega ya ku Utah, m'dziko la America, inayamba kugulitsa makina a Zip pa mtengo wa madola 199. Disiki yake imodzi inkasunga 100 MB, mofanana ndi ma floppy pafupifupi 70. Komatu disikiyo sinkalowa m'makina a mtundu wina, choncho wogula makina ankangobwerabe kudzagula madisiki a mtundu womwewo.

Iomega inkaulonda msika umenewu ngati nkhokwe yake. Makampani monga Fujifilm ndi Maxell ankagulitsa madisiki a Zip ndi chilolezo chake. Kampani ya ku France yotchedwa Nomaï itapanga madisiki olowa m'makina a Zip popanda chilolezo, Iomega inakaisumira, kenaka mu 1998 inangoigula. Chaka chomwecho SyQuest, imene inkapikisana ndi Iomega pa malonda amenewa, inagwa ndi ngongole. Anthu amene anasunga ntchito zao pa madisiki a SyQuest anatsala m'madzi, popeza makina oŵerengera madisikiwo anayamba kusoŵa.

Iomega nayo sinakhalitse pamwamba. Kunabwera ma CD ojambulika, kenaka ma flash m'chaka cha 2000. Izi makampani ambiri ankatha kupanga, zinkagwira pa kompyuta zamitundumitundu, ndipo mitengo inatsika kaamba ka mpikisano. Mu 2008 Iomega inagulidwa ndi kampani ya EMC.

Anzanga, ambiri a ife tsopano timasaina mapepala ogulira katundu m'boma, m'masukulu ndi m'mabungwe. Musanasaine, funsani mafunso aŵiri. Kodi chinthuchi alipo wina amene amachipanga kapena kuchikonza? Nanga wogulitsayu atatseka mawa, mafaelo athu tidzawatsegula ndi chiyani? Kaundula wa malipiro, wa malo kapena wa mayeso a ana amayenera kukhala zaka zambiri kuposa kampani imene inatigulitsa makina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malonjezo a wogulitsa ndi fodya wa pachala.