Boma Litsegula Khomo, Wolowa Ndinu

Mau awa apita maka-maka kwa inu a ku migodi amene kwanu ndi ku Mkaika, kwa Gawa Undi.

M'caka ca 1948 Boma linayamba kukongoza alimi a ku Katete ng'ombe ndi mapulao, kuti aleke kudalira khasu lokha. Ena anaopa ngongole, koma olimba mtima anakuza minda ya nshawa, napeza ndarama. M'caka ca 1968, pa Mulungushi, a Kaunda analamula kuti masitolo ambiri akhale m'manja mwa eni dziko. Odziwa kuwerengera katundu anapindula. Okongoza abale cisawawa anatseka.

Apa tiona kuti lamulo la Boma litsegula khomo cabe. Wolowa ndiye munthu amene aona cosowa pamudzi pao, kapena cigayo, kapena ngolo, nayamba iye. Nanga inu, malipiro a mwezi uno adzathera kuti? Nchito ya mgodi imatha, ndipo mudzabwerera kwanu. Kutaya ndarama kulipo ndithu, pakuti walira mvula walira matope. Koma wobwera ndi sutukesi yokha adzalima ganyu kwa mnzace amene anayesa.