Kalaliki wa M'kati mwa Foni



M'maofesi a boma, munthu akafuna fayilo amangotchula dzina lake. Wodziŵa shelefu imene ili ndi kalaliki wa ku registry. Operating system, kaya Windows kaya Android, ndiye kalaliki wa kompyuta ndi foni. Pulogalamu imangoti "nditsegulire fayilo yakuti", osadziŵa n'komwe ngati ili pa memory card kapena m'foni momwemo. Nzeru imeneyi inakhwimira mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969.

Koma chachikulu n'ichi, abale anga. Pulogalamu iliyonse ikamayenda, kalaliki uja amaipatsa chipinda chakechake cha memory, amaigaŵiranso nthaŵi yake pa purosesa, moti imayesa kuti foni yonse ndi yake. N'chifukwa chake gemu imene mwana wanu waika siingasuzumire m'chipinda cha Airtel Money kapena Mpamba.

Kaŵirikaŵiri wotsegulira wakuba chitseko amakhala mwini foni. Pulogalamu ya tochi ikapempha kuŵerenga mauthenga anu a SMS, momwe mumadzera manambala achinsinsi a kubanki, tochi ndi mauthenga zikugwirizana pati? Ikanizeni.