Mwambi wa Chingerezi: "To Weather the Storm"

Angerezi ndi anthu a pa chilumba, ndipo miyambi yawo yambiri idachokera kwa amalinyero. Umodzi mwa miyambiyo ndi uwu: "to weather the storm". Liwu loti "weather" pano silitanthauza nyengo ayi, koma likunena za ngalaŵa imene yakomana ndi namondwe nkutulukamo osamira. Tsono mwambiwu umanenedwa za munthu, banja kapena mudzi umene wapirira mavuto aakulu kufikira atatha. Kuunena pa kavuto ka tsiku limodzi nkuupeputsa.

Asodzi a ku Kachulu, kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, tanthauzo lake amalidziŵa bwino ngakhale sadaŵerenge m'buku. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka. Mabwato adatsala pouma. Asodzi ena adagwira khasu, ena adakaŵedza ku Malombe ndi ku Chiuta.

Matemba, makumba ndi milamba zopulumuka zidabisala m'madambo ndi m'maiŵe a mitsinje monga Domasi ndi Likangala, ndipo ndizo zidaswananso madzi atabwerera. Wokokolola nsomba m'maiŵemo pa chilala amadya mbewu ya maŵa. Woleza mtima nasunga ukonde wake ndiye Mngerezi angamunene kuti "he weathered the storm".

Makolo nawonso adanena: sunga khosi, mkanda uoneka.