Pa Kwacha Iliyonse Yobweza Ngongole, Ndi Zingati Zimafika kwa Mwini Wake?

 Komiti inandipempha kuti ndilankhule za ngongole. Ambiri a ife pano tinakongolapo, ndipo ambirinso tinakongozapo anzathu, kotero nkhaniyi ikutikhudza mbali zonse ziwiri.

Munthu akamira m'ngongole, njira imene timaidziwa ndi yothawira kwa akatapila, kukongola kuno kuti akabweze uko. Koma ilipo njira ya lamulo. M'chaka cha 2016 dziko lathu linakhazikitsa lamulo lotchedwa Insolvency Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la anthu olephera kubweza ngongole. Lamuloli limapatsa wangongole mpata wopangana ndi onse amene anamkongoza kuti aziwabwezera pang'onopang'ono, katundu wake asanagulitsidwe. Pakati pawo pamaima mkhalapakati wovomerezedwa ndi boma, amene amalandira ndalama kwa wangongoleyo ndi kuzigawa.

Njirayi ndi yabwino, koma mkhalapakati sagwira ntchito yaulere. Malipiro ake amachokera m'thumba lomwelo, ndipo kawirikawiri amayamba ndiye kutapa, okongoza asanalandire kanthu.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tione ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri ndiponso kumene njira zotere zakhala zikuyenda kwa nthawi yaitali. Kumeneko munthu amene ngongole zake sizipitirira R50,000 akhoza kupempha khoti la majisitireti kuti limuikire womuyang'anira. Lamulo lao limalola woyang'anirayo kutenga ndalama zosapitirira 12.5 pa 100 iliyonse imene watolera, ndipo zotsalazo ayenera kugawira okongoza kamodzi pa miyezi itatu. Kuyambira 2007 kulinso alangizi a ngongole, amene amalembetsedwa ku bungwe la National Credit Regulator. Pa njira imeneyi ndalama za mwezi woyamba kawirikawiri zimapita kwa mlangiziyo, ndipo pambuyo pake amatengabe kagawo kake mwezi ndi mwezi.

Tsopano tiyerekeze ndi makwacha athu, pobwereka muyeso wa anzathuwo. Tinene kuti mnzathu wina ali ndi ngongole ya K1,000,000 kwa anthu atatu: K600,000 kwa mwini sitolo ku Limbe, K300,000 kwa mnzake wa kuntchito, ndi K100,000 kwa mlamu wake. Wavomera kupereka K100,000 mwezi uliwonse. Iye m'mutu mwake akuwerengera miyezi 10. Koma mkhalapakati akachotsa K12,500, zotsala ndi K87,500. Izi sazigawa mofanana ai. Aliyense amalandira molingana ndi kukula kwa ngongole yake. Wa sitolo alandira K52,500, wa kuntchito K26,250, mlamu uja K8,750 basi. Ngongole imene mwini wake amayesa ya miyezi 10 idzatha m'mwezi wa 12, ndipo apo sitinawerengere chiwongoladzanja. Ngati chiwongoladzanja sichinaimitsidwe, munthu akhoza kulipira mokhulupirika chaka chathunthu, n'kudzapeza ngongole ili pomwe inali.

Kwa inu amene munakongoza, dziwani kuti pa mzere wolandira anthu saima mofanana. Amene anagwira chikole, monga banki imene ili ndi mapepala a nyumba, amayamba kutenga zake pa chikolecho. Ife amene tinakongoza chifukwa cha chibale kapena chinzake, popanda pepala lililonse, timakhala kumapeto. Ndiponso mapangano otere amatsata ochuluka. Ku England, mwachitsanzo, pansi pa lamulo la 1986, okongoza amene ali ndi magawo 75 pa 100 a ngongole ya onse oponya voti akavomera, otsalawo amamangidwa ndi panganolo ngakhale atakana. Amene ali ndi ngongole yaikulu ndiye ali ndi mau akulu.

Sindikunena kuti tiziwathawa akhalapakati. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo kulandira K8,750 pamwezi kuposa kudikira chabe pamene wangongole wathawira ku Johannesburg. Chimene ndikupempha ndi chakuti tisasaine pepala tisanafunse. Akulu akale anati safunsa anadya phula.

Funsani kuti mkhalapakatiyo ndi wovomerezedwa ndi boma kapena ai, ndipo akuonetseni kalata yake. Funsani kuti pa K100 iliyonse, zingati zidzafika kwa okongoza, ndipo zidzayamba kufika mwezi uti. Funsani ngati chiwongoladzanja chiima pa tsiku losaina. Funsaninso chimene chidzachitike mukadzalephera mwezi umodzi chifukwa cha maliro kapena matenda, pakuti pangano likasweka pakati, malipiro a mkhalapakati amakhala atapita kale, pamene ngongole yanu yangochepa pang'ono. Mayankho onsewa akhale olembedwa, ndipo muziitanitsa pepala loonetsa m'mene ndalama zagawidwira.

Pomaliza, Bambo wa Pampando, ndipemphe komiti yathu chinthu chimodzi. Bungwe lino likamakongoza membala ndalama za m'thumba lathu, pazikhala kulemba ndi kusainirana, ngakhale wokongolayo ndi amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Tsiku la kugawa likadzafika, mkhalapakati adzafuna umboni wa ngongole, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe timalipirira ana osowa fizi kusukulu kwathu.